Nsomba, Anthu ndi Sabata: Madalitso Atatu M'mbali mwa Nyanja ku Nkhotakota

Mlendo wofika koyamba ku Nkhotakota akaona chiutsi chakuda chikutuluka pakati pa nyanja, amafunsa mwamantha kuti ndi chombo chanji chikupsa. Eni dera amangomwetulira, chifukwa akudziwa kuti zimenezo ndi nkhungu, zouluka zing'onozing'ono zofanana ndi udzudzu koma zosaluma, zimene zimatuluka m'madzi nthawi imodzi mamiliyoni osawerengeka mpaka kuima ngati mzati wofika kumitambo. Zikadali mphutsi zimakhala m'nyanja momwemo. Masana zimatsikira kwakuya kuthawa nsomba, usiku zimakwera kudzadya, ndipo usipa ndi utaka zimakhala zikudikirira panjira. Zikakhwima zimauluka, makamaka mwezi ukakhala mumdima, zimaikira mazira pamadzi, kenaka zimafa pasanapite masiku ambiri. Mphepo ikazikankhira kumtunda, anthu ena amazikola n'kuumba zigumu, ndipo David Livingstone, amene anayenda m'mbali mwa nyanjayi mu 1861, analembapo za chakudya chimenechi.

Buku la Genesis limanena kuti pa tsiku lachisanu Mulungu analamula madzi kuti adzaze ndi zamoyo zochuluka. Munthu wa kumtunda amawerenga vesili n'kupitirira. Wa ku Nkhotakota analiona ndi maso ake.

Pali kanthu kena m'nkhani ya chilengedwe kamene ambiri timakadumpha. Mukawerenga mofatsa kuyambira Genesis 1:1 mpaka 2:3, mupeza kuti Mulungu anadalitsa katatu. Dalitso loyamba m'Baibulo lonse linapita kwa nsomba ndi mbalame (1:22). Lachiwiri linapita kwa anthu, mwamuna ndi mkazi (1:28). Lachitatu linapita kwa tsiku lachisanu ndi chiwiri (2:3). Nsomba, anthu, Sabata. Kumadera ambiri zitatuzi sizikumana kawirikawiri, koma pa doko la ku Nkhotakota zimakumana Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa, ndipo kukumana kwake sikumakhala kwamtendere nthawi zonse.

Funsani nsomba

Yobu anauza anzake kuti afunse nyama, mbalame ndi nsomba, ndipo zidzawaphunzitsa za dzanja la Mulungu (Yobu 12:7-9). Ngati pali malo pa dziko lapansi oyenera kufunsira nsomba, ndi kuno. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo kumpoto kwake ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. M'gulu limodzi lokha, limene akatswiri amalitcha cichlid, momwe muli chambo, utaka, ncheni ndi mbuna, muli mitundu yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Ina mpaka lero sinapatsidwe mayina m'mabuku. Chodabwitsa n'chakuti chuma chonsechi chili m'madzi apamwamba okha. Mukatsika kupyola mamita pafupifupi 250, madzi alibenso mpweya wa okisijeni, ndipo nsomba singakhaleko.

Tengani chambo chimene mumachiona m'mbale. Nyengo yoswa ikafika, chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chozungulira bwino ngati lichero, ndipo chimachiteteza kwa zinzake. Chachikazi chikaikira mazira pamenepo sichiwasiya. Chimawatola onse n'kuwasunga m'kamwa, ndipo kwa milungu ingapo chimayenda nawo chosadya bwino, chikuwatembenuzatembenuza kuti apeze mpweya. Ana akaswa chimapita nawo kumadzi osaya, kumene kuli udzu ndi mabango, n'kuwatulutsa kuti adye. Mdani akayandikira, tiana tonse timathamangira m'kamwa mwa mayi wawo. Pakamwa pomwe nsomba imadyera pamasanduka nyumba yothawirako. Mayi aliyense amene anadzimanapo nsima kuti mwana akhute akhoza kumvetsa nkhaniyi popanda womasulira.

Nanga kampango? Apa banja la Adventist la kunyanja limakhala ndi nkhani yakeyake. Levitiko 11:9-12 imalola kudya za m'madzi zokhala ndi zipsepse ndi mamba. Chambo, usipa, utaka, mpasa ndi sanjika zili nazo zonse ziwiri. Kampango, mlamba ndi bombe zilibe mamba, choncho sizilowa mumphika wathu, ngakhale anansi azitame chotani, ndipo kunena zoona amazitama kwambiri. Nkhungu nazonso sizili m'gulu la zouluka zimene mutu womwewo umalola. Koma tisalakwitse n'kuyamba kuganiza kuti chosadyedwa n'chonyansa pamaso pa Mlengi wake. Kampango ndi limodzi mwa makolo osamala kwambiri m'nyanja muno. Yaimuna ndi yaikazi zimalondera ana pamodzi pachisa cha pansi pa miyala. Yaikazi imatulutsa mazira osabereka kuti ana adye. Yaimuna imakafukula mchenga n'kubwera ndi tizilombo todyetsa anawo. Ana a nsomba zamitundu ina amabwera kudzasakanikirana ndi ana a kampango kuti nawonso atetezedwe, ndipo makolowo amawalekerera. Mulungu sanalenge chilichonse kuti chikathere m'mimba mwathu. Zina anazilenga kuti tiziziona n'kuphunzira.

Mpasa ndiyo nsomba ya ulemu ku Nkhotakota. Imakulira m'nyanja, koma nthawi yoswa imasiya nyanja n'kukwera mitsinje molimbana ndi madzi, ndipo umodzi mwa mitsinje yofunika kwambiri kwa iyo ndi Bua. Imafuna madzi oyera oyenda pa timiyala. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Ndiye kuti mpasa imene msodzi amaigwira pa gombe imadalira mitengo ya kumtunda, imene mizu yake imagwira dothi kuti lisakokoloke. Munthu wotentha makala kutali ndi nyanja, amene mwina sanakwerepo bwato chibadwire, ali ndi mbali pa mbale ya msodzi.

Ana athu akapita ku sekondale ndi ku koleji amaphunzira kuti mitundu yambirimbiri ya nsombazi inachokera ku makolo ochepa m'zaka zosawerengeka, ndipo nyanja yathu imatchulidwa m'mabuku a sayansi a maiko akunja ngati chitsanzo chachikulu. Makolo asachite mantha mwana akabwera ndi funso limeneli pa nkhomaliro ya Sabata. Ife timakhulupirira kuti Mulungu analenga zamoyo m'masiku asanu ndi limodzi enieni, monga mwa mitundu yake, ndipo sitikana kuti m'kati mwa mtundu umodzi mumatuluka maonekedwe ambiri, monga momwe zilili ndi nkhuku kapena chimanga. Mpingo uli ndi bungwe la akatswiri lotchedwa Geoscience Research Institute, limene linakhazikitsidwa mu 1958, ndipo ntchito yake ndi kusinkhasinkha mafunso ngati amenewa. Mwana wofunsa asamakalipiridwe. Akakalipiridwa kunyumba adzakafunsa kwina, ndipo sadzabweranso kudzatiuza zimene anamuyankha.

Zimene nyanja singatiuze

Zikanakhala kuti nkhani ya nyanja imathera pa chambo ndi kulira kwa nkhwazi m'mawa, bwenzi kupeza Mulungu m'chilengedwe kuli kosavuta. Koma m'madzi omwewo muli kaligono, nsomba imene imagona chammbali pamchenga ngati yafa, n'kumeza tinsomba tobwera kudzaona mtembo. Mulinso mitundu ina imene imagunda mayi wonyamula ana m'kamwa kuti awalavule, iyo n'kuwadya. Chinyengo ndi kuba zilimo m'nyanja. Paulo analemba kuti chilengedwe chonse chikubuula (Aroma 8:22), ndipo anthu a kuno sasowa womasulira vesi limeneli.

Mwera ukayamba kuwomba kuchokera kummwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imene dzulo inali ngati galasi imasanduka chilombo. Midzi ya m'mphepete ili ndi amayi amasiye amene amuna awo anapita ndi nyali osabwerera. Mu Sepitembala 1895, Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican, atangodzozedwa kumene, anamira pamene bwato lake linagubuduzika ndi namondwe, ndipo manda ake ali mu tchalitchi cha All Saints m'tauni ya Nkhotakota. Nyanja sinafunse kuti m'bwatomo muli mtumiki wa Mulungu.

Ndipo pali mbiri yowawa kuposa pamenepa. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdullah, amene ankatchedwa Jumbe, anakhazikika pa Nkhotakota, ndipo malowa anasanduka doko lalikulu la malonda a akapolo ndi minyanga ya njovu. Anthu ogwidwa kumtunda ankasonkhanitsidwa pano, kuwolotsedwa m'zombo zamatanga kupita kutsidya la kum'mawa, kenaka kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere. Livingstone atabweranso mu 1863 anakambirana ndi Jumbe za malondawa, ndipo mtengo umene anthu amaukumbukira pa nkhani imeneyi uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Malondawo sanathe tsiku limenelo. Anapitirira kwa zaka pafupifupi 30, mpaka ulamuliro wa a Jumbe unatha m'zaka za m'ma 1890. Dzuwa limene limatuluka mokongola m'nyanja lero linkatuluka mokongola chimodzimodzi pamwamba pa anthu omangidwa magoli. Kukongola kwa malo sikunasinthe mtima wa munthu ngakhale mmodzi.

Masiku athu ano ali ndi zawo. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kumapeto kwa Febuluwale 2024, madzi osefukira anasesa midzi ya ku Dwangwa ndi madera oyandikana nawo, n'kusiya anthu masauzande ambiri m'misasa, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'minda ya anthu a m'mphepete.

Nyanja imatiuza kuti kuli Mlengi wamphamvu ndi waluso. Pa funso loti kodi Mlengiyo amandikonda ine, amene nyumba yanga yagwa ndipo mpunga wanga wamira, mafunde sayankha. Yankho lake Mulungu analiika m'Mawu ake ndi pamtanda, ndipo munthu amene ali m'mavuto amaliona likufika pakhomo pake kudzera mwa anthu: amayi a Dorika atasenza ufa wa kondowole ndi zitenje, madikoni atanyamula mapaso ndi udzu, achinyamata akuumba njerwa Lamulungu m'mawa. Kali kokha n'kanyama. Amene amati iye amapembedza Mulungu payekha pagombe ndipo mpingo sakuufuna, adikire tsiku limene gombelo lidzamira.

Lachisanu madzulo pa doko

Tauni ya Nkhotakota ili ndi masiku atatu opatulika otsatizana. Lachisanu masana abale athu Asilamu, amene ndi ambiri kuno kuyambira nthawi ya a Jumbe, amapita ku mzikiti. Lamulungu mabelu a matchalitchi amalira. Pakati pake pali Sabata, imene imayamba dzuwa likalowa kuseri kwa mapiri a kumadzulo. Vuto n'lakuti nthawi yomweyo ndi imene ntchito ya usipa imayamba. Maboti amakankhidwira m'madzi chakumadzulo, siginala amatsogola ndi nyali kukaitana nsomba, alovi amaponya chilimira n'kukoka usiku wonse, ndipo m'bandakucha amayi amakhala akudikira pa doko ndi mabeseni kuti akagule ndi kukayanika pa mathandala. Amati Livingstone anatcha nyanjayi nyanja ya nyenyezi chifukwa cha nyali za asodzi zimene zimathwanima usiku.

Kwa mphunzitsi kapena mlimi wa mpunga, kusunga Sabata kuli ndi mayesero ake, koma kwa mlovi mtengo wake umawerengeka ndi ndalama. Mlovi salandira malipiro a pamwezi. Amalandira gawo la zimene zagwidwa, atachotsa za mafuta ndi za mwini zida. Usipa sulonjeza tsiku. Ukhoza kusowa kuyambira Lamulungu mpaka Lachinayi, n'kudzawira Lachisanu usiku. Mnyamata wobatizidwa kumene akakana kukwera boti usiku umenewo, amataya ndalama za usikuwo, ndipo mwini boti akhoza kuika wina pamalo pake mpaka kalekale. M'mawa wa Sabata, popita ku tchalitchi atavala malaya ake oyera, amadutsa anzake akuwerenga ndalama. Aliyense amene amalalikira za Sabata kunyanja ayenera kuyamba wachiona chithunzi chimenechi.

Sitiyenera kumunamiza mnyamatayu kuti akasunga Sabata ndiye kuti Loweruka usiku adzagwira zowirikiza kawiri. Nthawi zina zimachitika ndipo timamva maumboni otere, nthawi zina sizichitika. Chimene tingamuuze moona n'chakuti asodzi onse amapuma kale, kungoti amapuma mokakamizidwa. Mwezi ukawala wathunthu, nyali sizikoka usipa, ndipo maboti ambiri amagona pamchenga. Mwera ukakula, palibe wolimba mtima amene amatsutsana nawo. Msodzi aliyense amadziwa kugonjera mwezi ndi mphepo. Wosunga Sabata amagonjera amene analenga mwezi ndi mphepo, ndipo amachita zimenezo nyanja ili bata, nsomba zikuwira.

Lamulo la Sabata linalembedwa kawiri. Pa Eksodo 20:8-11 chifukwa chake ndi chilengedwe. Pa Deuteronomo 5:12-15 chifukwa chake ndi ukapolo: Aisraele akumbukire kuti anali akapolo ku Igupto, choncho wantchito wawo apumule monga momwe iwo akupumulira. Ku Nkhotakota, kumene anthu anagulitsidwa ngati mbuzi, kuwerenga kwachiwiriku kuli ndi kulemera kwapadera. Ndipo kumaloza mwini zida. Mkulu wa mpingo amene ali ndi boti ndi injini, amene amakhala pa benchi yakutsogolo Sabata m'mawa pamene alovi ake akutsitsa nsomba pa doko, n'kumati iye sanagwire ntchito, wawerenga theka la lamulo. Boti la wa Adventist lipume pamodzi ndi mwini wake. Ndipo likamayenda masiku enawo, malo oyamba apatsidwe kwa anyamata amene anachotsedwa m'maboti ena chifukwa cha Sabata.

Apa ndi pamene mpingo umayesedwa. Kubatiza mlovi pa msonkhano wa misasa n'kosavuta, ndipo mipingo ya kuno ili ndi mwayi wobatizira m'madzi amene Mulungu anakumba yekha. Funso n'lakuti kodi mwezi wotsatira adya chiyani. Mpingo wamoyo umamufunira malo m'boti la mbale, umamuphunzitsa ukalipentala kapena kulima mpunga, umamulowetsa m'gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo Sabata masana samusiya kuti abwerere yekha ku doko kumene kuli mowa, juga ndi anzake akale. Banja lina limuitane kudzadya. Mbale ya kondowole ndi chigwada yodyera pamodzi yasunga anthu ambiri mumpingo kuposa momwe timaganizira.

Nazonso nsomba zipume

Kummwera kwa Nkhotakota, m'boma la Salima, kuli chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi pa chilumbachi chaka chilichonse nyengo ya dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo. Nthawi imeneyo asodzi onse amachoka. Pa nyengo yotsegula, mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pa chilumbapo. Pamene madoko ambiri akudandaula kuti nsomba zatha, Mbenji imatchulidwa ngati malo amene nsomba zikadalipo ndipo n'zazikulu. Mwambowu sunachokere ku mpingo wathu, koma wa Adventist akaumva amazindikira kalankhulidwe kake, chifukwa pa Levitiko 25 Mulungu analamula kuti nthaka nayo ikhale ndi chaka chopuma.

Boma limatsekanso usodzi wa makoka m'miyezi yomaliza ya chaka pamene chambo chikuswa, ndipo makomiti a m'madoko ndi amene amayang'anira. Tonse tikudziwa kuti lamuloli limaphwanyidwa, ndipo tikudziwanso kumene masikito ambiri operekedwa ku chipatala amathera. Amasokedwa pamodzi n'kukakokera m'madzi osaya, momwe chambo chimatulutsira ana ake. Tchimo limeneli limavulaza kawiri: mwana wa munthu amagona osatetezeka ku malungo, ndipo ana a nsomba amafera pa thandala asanakule. Deuteronomo 22:6-7 imaletsa munthu wopeza chisa cha mbalame kutenga mayi pamodzi ndi ana. Khoka limene latulutsa chambo chili ndi mazira m'kamwa latenga zonse ziwiri. Nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndipo nyanjayi ili ndi mwini wake. Mayi wa Adventist amene amagula tiana ta chambo pamsika chifukwa n'totsika mtengo nayenso wagwira nawo chingwe cha khokalo.

Nkhaniyi imafika mpaka m'matupi mwathu. Likodzo limafala kudzera mu nkhono zazing'ono za m'madzi osaya. M'nyanja muli nsomba zimene chakudya chake ndi nkhono zomwezo. Ofufuza amene anagwira ntchito ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, anaona kuti pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha usodzi wopitirira muyeso, nkhono zinachuluka, ndipo likodzo nalo linachuluka. Mlengi anaika alonda m'madzi, ife tinawadya. Choncho mwana akamakodza magazi musati ndi chizindikiro cha kukula, monga ena amanenera. Pitani naye ku chipatala, mankhwala a praziquantel alipo ndipo amachiza. Akabwera a zaumoyo kudzagawa mankhwalawa ku sukulu, lolani ana amwe, atadya kaye. Ndipo banja lililonse, doko lililonse ndi tchalitchi chilichonse chikhale ndi chimbudzi, chifukwa likodzo ndi kolera zimalowa m'madzi kudzera mwa ife tomwe. Madzi akumwa a kunyanja awiritsidwe kapena kuthiridwa klorini, ngakhale aoneke oyera ngati a m'botolo.

Pali umboni pafupi pomwepa woti chowonongeka chikhoza kubwerera. Nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, kale inali ndi njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozemba anazitsitsa mpaka zosakwana 100. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi boma mu 2015, njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Mtsinje wa Bua umadutsa m'nkhalango yomweyi, kotero mpanda umene ukuteteza njovu ukutetezanso malo ena oswerako mpasa.

Sabata masana

M'buku la The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, Ellen White anatchula zinthu zisanu ndi zitatu zimene Mulungu anapereka pochiza ndi kusunga thupi: mpweya wabwino, dzuwa, kudziletsa, kupuma, kulimbitsa thupi, chakudya choyenera, madzi, ndi kukhulupirira mphamvu ya Mulungu. Anthu a m'mizinda amalipira ndalama zambiri kubwera ku malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kudzafuna zina mwa zimenezi kwa masiku awiri. Ife amene tili nazo pakhomo nthawi zambiri timathera Sabata yonse m'nyumba ya malata otentha, kuchoka pa Sukulu ya Sabata kupita ku ulaliki, kuchoka pamenepo kupita ku phunziro la masana, ana akuwodzera pa mabenchi. Mapulogalamu ndi abwino, koma tsiku limene linaperekedwa kuti likumbutse za chilengedwe lisamathe ana asanaone chilengedwecho.

Paulo ndi anzake ali ku Filipi anatuluka pa Sabata kupita m'mbali mwa mtsinje kumene anthu ankapempherera, ndipo kumeneko ndi kumene Lidiya anatembenuka mtima (Machitidwe 16:13-15). Kamodzi pamwezi, phunziro la masana likhoza kusamukira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi gombe. A Pathfinder ndi a Adventurer awerenge mitundu ya mbalame imene aiona, ayang'ane mmene nkhwazi ziwiri zimayankhirana zitapendeketsa mitu kumbuyo, ndipo ajambule pamchenga chisa cha chambo. Mphunzitsi wa tsikulo akhale agogo amene anakhala zaka zambiri m'bwato, amene amadziwa mayina a mphepo, mwera, mpoto ndi vuma, ndiponso mayina a nsomba zimene ana a lero sanazione. Munthu wotere mwina sanaimepo pa guwa, ndipo mwina kuwerenga kumamuvuta, koma akafotokoza nkhani ya Yesu akutontholetsa namondwe pa Marko 4, amaifotokoza ngati munthu amene anakapapo madzi m'bwato usiku. Akuluakulu ayang'anire ana kuti asalowe m'madzi a mabango ndi m'mathiriro a mitsinje, kumene kumakhala ng'ona ndi nkhono.

Amene ali pafupi ndi tauni akhoza kuyenda mpaka ku Chawira, kumene madzi otentha amatumphuka okha pansi. Nyanja yathu ili m'chigwa chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika, ndipo madzi amene amalowa kwakuya m'ming'aluyo amabwerera atatenthedwa. Uthenga wa mngelo woyamba pa Chivumbulutso 14:7, umene mpingo wathu wakhala ukulalikira m'dziko muno kuyambira pamene mishoni ya Malamulo inayamba mu 1902, umaitana anthu kulambira Iye amene anapanga thambo, dziko, nyanja ndi akasupe. Ndi malo ochepa pamene mwana angaone zinayi zonsezi masana amodzi. Sabata yachinayi ya Okutobala, imene mpingo wa padziko lonse unaipatula kukhala Sabata ya Chilengedwe, ndi tsiku labwino loyambira, ngakhale kuti Okutobala wa kunyanja amafuna kunyamula madzi akumwa okwanira ndi kudikira kuti dzuwa lipendeke.

Dzuwa likamatsikira kuseri kwa mapiri, gulu limaima mozungulira kutsekera Sabata ndi nyimbo ndi pemphero. Pofika nthawi imeneyo maboti ambiri amakhala atanyamuka kale, ndipo nyali zoyamba zimakhala zikuoneka patali. Boti la mbale limanyamuka mochedwa usiku wa Loweruka. Alovi amavula malaya a ku tchalitchi, amawapereka kwa akazi awo kapena kwa amayi awo, ndipo achinyamata a mpingo amathandiza kukankha botilo kuchoka pamchenga.